Kapinga Wobwereka

"Ndati ndowazo muzisiye pomwepo, bambo a Joice! Mukufuna anthu andiseke mpaka liti?"

Estele anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno, nkhope itachita tsinya. Mwamuna wake Yosefe anali atakoleka kale ndowa ziwiri pa mtengo wake wosenzera paphewa, ulendo wa kumtsinje wa Thuchila.

"Akukusekani ndani, mayi a Joice?"

"Mudzi wonse! Dzulo padooko a Millie andifunsa pamaso pa anthu kuti khuzumule amene ndinakudyetsani ndinamupeza kwa sing'anga wake uti, ati nawonso akufuna akathirire amuna awo m'ndiwo. Mwamuna wanji wolimbirana malo ndi amayi potunga madzi? Mwangotsala kumanga duku basi."

"Duku mukandigulira ndimanga. Dzuwa la Okutobala silisankha kuti mutu uwu ndi wa mwamuna."

"Mwaonatu! Ine ndikunena zolongosoka, inu mukuyankha zachibwana."

"Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, mayi. Udzuwu ndinabzala ndine. Inu musenze madzi akumwa, ophikira, osamba, kenako ndikusenzetseninso a kapinga? Khosi lanulo ndi lachitsulo?"

"Khosi langa mulisiye. Kapinga amadyedwa? Anzanu pakhomo amabzala chinangwa, inu mukuweta udzu ngati tili ndi ng'ombe."

"Ng'ombe tili nayo. Si iyo ikutiyang'anayo?"

"Ine si ng'ombe, ababa!" anakuwa Joice ali pakati pa bwalo, n'kugubuduka ndi phwete.

Estele anatembenukira kukhoma kuti asaoneke kuti naye wamwetulira. Mkangano umenewu unkabuka pafupifupi m'mawa uliwonse, ndipo sunkapita patali. Ukali wa Estele unali wapakamwa chabe. Madzi otsukira mbale sankawataya kuseri kwa nyumba ngati amayi ena, ankawathira pa kapinga pomwepo, bola Yosefe asamuone.

Joice anali mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Poliyo anamugwira asanadziwe n'kuthamanga komwe, miyendo yonse n'kufota, ndiye ankayenda chokwawa. Dothi la kufupi ndi Nkando silichitira chisoni bondo la munthu: m'chilimwe limalimba ngati njerwa, m'dzinja ndi matope okakamira. Mawondo a mwanayo sankapola mabala, matekenya n'kumachita mudzi m'zala zake. Yosefe, amene ali mnyamata ankasamalira maluwa kunyumba ya bwana wa pa esiteti ya tiyi, tsiku lina anatulukira ndi mizu ya kapinga m'thumba lonyowa. Anagaula bwalo lonse, kutola timiyala ndi manja, kuthira manyowa a mbuzi, kusalaza ndi thabwa, n'kubzala mizu ija m'mizere. Anthu anamuseka mpaka nthiti kuwawa. Tsopano mudzi wonse unali mbuu ndi fumbi, koma pakhomo pa Estele panali biriwiri, ndipo ana a oseka omwe aja ndiwo ankaswera pamenepo ndi Joice. Pa kapinga mwanayo anali ndi liwiro loti amiyendo yawo ankachita kutuluka thukuta kuti amugwire.

Yosefe asanatuluke pampanda, belu la njinga linalira. Anali a Pilato, mlongo wake wamkulu wa Estele, mwinimbumba wa pakhomopo, komanso wapampando wa nthambi ya chipani. Chiwasankhireni pa udindowo jekete sankavula, dzuwa liswe mtengo, ndipo kakhosi kanali kataumako pang'ono.

"Amalume! Mwanditengera chiyani?"

Joice anali atafika kale pa teyala la njinga. A Pilato anatulutsa siwiti m'thumba la jekete, n'kumunyamula mwanayo m'mwamba mpaka anakuwa mokondwa. Kumukonda ankamukonda, zimenezo palibe akanatsutsa. Koma tsiku limeneli atamutsitsa maso awo anakhala pansi. Anayamba kuyenda pa kapinga uku ndi uku, akuyeza ndi mapazi, milomo ikugwedera.

"Achimwene, mwataya chiyani?" anafunsa Estele.

"Ndipatse mpando, mlongo wanga. Alamu, tsitsani ndowazo mumve nawo, ngakhale nkhaniyi ndi ya ine ndi mlongo wangayu."

Atakhala, anakonza pakhosi monga ankachitira pamsonkhano.

"Kumapeto kwa mwezi uno kukubwera mlendo wamkulu kuchokera kulikulu, adzachititsa msonkhano pa Nkando. Akuluakulu a chipani a ku boma alamula kuti kuchokera pamene galimoto idzaime kukafika pansanja pakhale pobiriwira. Ati mlendo asadzaponde fumbi, adzaone kuti kuno kuli chitukuko. Nthambi iliyonse yapatsidwa chake. Ife tatenga udzu."

"Udzu mwezi uno? Mukautenga kuti poti ngakhale mbuzi zikudya mapepala?" Estele anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Anayang'ana mapazi a mlongo wake, n'kuyang'ana bwalo. "Ayi, achimwene. Ayi ndithu."

"Sindinanene kanthu."

"Mapazi anu anena kale."

"Tingobwereka, Estele. Tidula zigambazigamba pamodzi ndi dothi lake, tikayala kumeneko. Msonkhano ukatha..."

"Ukatha mudzabweza? Mazira amene tinasonkha chaka chatha anabwerako angati? Nanga mphasa za amayi zija?"

"Iwe! Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mawu amenewo akamveka kunja kwa mpandawu, ngakhale ine sindingakuombole."

Yosefe anavula chipewa n'kunjuta pafupi ndi ndowa zake.

"Alamu, ndingalankhuleko pang'ono? Kapingayu sindinabzale kuti pakhomo pakongole. Ameneyu ndiye miyendo ya mwanayu."

"Alamu, inu ndinu munthu wabwino, ine sindinakupezenipo chifukwa. Koma mkamwini asamakule mwendo. Dothi ili ndi la amayi athu, lero ndi la Estele, mawa ndi la Joice. Chomera pamenepa mwini wake ndi mbumba, ndipo woyang'anira mbumba ndine. Ngakhale mwanayu, mwambo mukuudziwa, zake amafunsa malume, safunsa inu."

Yosefe anadzuka pamene ananjuta paja. Anavala chipewa chake, n'kukweza mtengo uja paphewa. Anapitabe kukatunga madzi, poti udzuwo sunamve nawo nkhaniyo ndipo ludzu lake linali lomwe lija.

Masiku otsatira mkangano wa ndowa unatha, m'malo mwake munalowa wina wopanda nthabwala. Unabuka akusosa m'munda wa nandolo, Joice atamukhazika pamthunzi patali pang'ono.

"Munangokhala duu ngati chitsa," anatero Estele akukoka mapesi mwaukali. "Pa ine ndiye pakamwa panu pamathwa."

"Ndikanati chiyani, mayi a Joice? Ndikakana ine, sakanena kuti mkamwini wakaniza mlamu wake. Akanena kuti Yosefe wakaniza chipani, ndipo kumene amapita anthu otero mukukudziwa. Makolo anga anachokera kuseri kwa malire. Akangofuna, mawa lomwe ndasanduka wobwera. Mwanayu kusowa kapinga n'kowawa, nanga asowenso bambo?"

"Ndiye tingopereka basi? Thukuta lanu lonse lija?"

"Thukuta si kanthu, limabwereranso. Ine ndikuganiza mawondo aja." Anaima kaye, atatsamira mpini. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akanakhala munthu wapadera tikanadziwa pomugwira, koma awa ndi magazi anu. Pitani nokha mukalankhule nawo kopanda anthu. Jekete ija akavula amamva."

Estele anamuyang'ana mwamuna wake, khosi lake lopyapyala, paphewa pamene mtengo wa ndowa unasiya chikanga, ndipo mkwiyo unamuthera. Anamumvera chisoni, komanso anachita manyazi kuti pamudzi pa amayi ake omwe munthu wofatsa chotere ankakhala ngati wogona pakhonde.

Loweruka anapita cha ku Chonde, kumene a Pilato anakwatira. Jekete anaipezadi itakolekedwa pa nthambi ya mpapaya. Mwini wake anali akumata nkhokwe ya apongozi awo, matope mpaka m'zigongono, ndipo mayi wokalambayo ali pakhonde ankaloza ndi ndodo pamene pasiyidwa mpata.

"Apo, apo! Mukufuna makoswe azilowa atanyamula katundu pamutu?"

"Ndamva, amayi. Ndikonza, amayi," ankayankha a wapampando ndi mawu a mwana wa sukulu.

Estele anabwera atakonzekera nkhondo, koma kuseka kunamupulumuka. Atapereka moni kwa eni mudzi, anakaima pafupi ndi nkhokwe.

"Kani kunonso akamwini alipo, achimwene?"

"Usandiseke, Estele. Nena chimene wadzera."

"Mukuchidziwa. Bwanji osakapempha ku esiteti? Kunyumba za mabwana kuli kapinga woti mungayale msewu wonse mpaka ku Limbe."

"Kumeneko kuli geti ndi agalu."

"Ndiye mwasankha kwathu poti kulibe galu."

A Pilato anaponya chibuma cha matope pankhokwe, n'kuchisalaza nthawi yaitali kuposa mmene chinkafunikira. Polankhula anatsitsa mawu.

"Ukuganiza kuti sindinayese? Tinakazula udzu kudambo, dzuwa lisanapendeke unali utauma ngati tsekera. Wina anati tinyike utuchi mu utoto wobiriwira tiwaze pansi. Tinawaza, kamvuluvulu n'kudzautenga wonse kukauthira m'malonda a anthu pamsika. Amayi a tomato akunditukwanabe chamumtima."

"Nanga munalonjezeranji chinthu choti si chanu?"

"Anatifunsa pagulu. Anzanga anali atatchula kale mbuzi, mazira, mitengo ya nsanja. Atafika pa ine, m'maso mwanga munangobwera bwalo lako lija, pakamwa n'kutuluka kapinga. Ndinkafuna andiombere m'manja, mlongo wanga, ndipo anaombadi. Ndinazindikira ndili panjinga pobwerera kuti ndagulitsa chiyani."

"Kabwezeni mawuwo."

"Kwa ndani? Wapampando wa nthambi ya kutsidya unamuonanso chichokereni tsiku limene mbendera zake zinapezeka zong'ambika? Ana ake akudya m'makomo mwa anthu. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya za masiku anozi zimagwera ndi ana omwe."

Anatolanso chibuma china ndi manja awo amatope. Estele anakumbuka kuti manja omwewa ndiwo ananyamula Joice usiku wonse wa malungo aja mpaka kuchipatala cha mishoni, ndipo anakwiya kuti chisoni chikumulanda mawu amene anabwera nawo. Chibale ndi fupa, sichiola, ngakhale pamene munthu ukufuna chitaola.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Koma mwanayo mukamuuze ndinu."

"Zimenezo ndiye sindingathe," anayankha a Pilato osamuyang'ana.

Pobwerera Estele anapemphera pemphero loipa. Anapempha Mulungu kuti tsiku lina mlongo wakeyo adzalawe yekha zimene ankamwetsa anzake.

Kutatsala masiku ochepa kuti mlendo afike, pakhomo panaima thirakitala yokoka ngolo. Munatsika ayufi, anyamata a chipani ovala malaya ofiira, makasu ali m'manja, a Pilato ali pambuyo. Anyamatawo sanapereke n'moni womwe. Anayamba kutema kapinga ngati akukumba mbewa, zibuma zikuuluka uku ndi uku.

Yosefe anapirira pang'ono, kenako analephera.

"Mukumupha, achimwene anga. Akakafika uko adzakhala zinyalala. Ndipatseni ndidule ndekha."

Ananola fosholo pamwala, n'kukoka chingwe kuchokera kumpanda kukafika kukhonde. Ankadula motsata chingwecho, kenako n'kulowetsa fosholo chogona pansi pa mizu, chigamba chilichonse n'kumatuluka chathunthu ndi dothi lake. Ankachinyamula ndi manja awiri n'kukachigoneka m'ngolo mosamala. Estele anali atalumbira kuti sakhudza kanthu, koma ataona dzuwa likuomba zigambazo anakatenga ziguduli, n'kuzinyika m'madzi ake akumwa, n'kumafunditsa akung'ung'udza.

Joice anali pakhonde, chibwano chili pamanja.

"Ababa, mukupita naye kuti kapinga wanga?"

Yosefe anayang'ana a Pilato. A Pilato anayang'ana teyala la thirakitala.

"Akukacheza ku Nkando, mwana wanga. Kukubwera mlendo, ndiye tikumubwereka kuti adutsepo."

Mwanayo anaganiza pang'ono.

"Nayenso amakwawa?"

Mmodzi wa ayufi anaphulika kuseka, wina n'kutsatira, kenako onse anadukiza mwadzidzidzi n'kumayang'anana, aliyense akuyesa kukumbukira amene wayamba. A Pilato anatsokomola n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Pofika madzulo bwalo linali lofiirira, lokumbikakumbika, mizu yoduka itatulukira ngati minga. Yosefe analamulidwa kukwera nawo ngolo kuti akayale zigambazo ndi kumazithirira mpaka tsiku la msonkhano. Ankachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa, phewa litatupa ndi madzi othirira bwalo la eni.

Joice anayesa kutsika pakhonde tsiku loyamba. Sanafike n'pakati pomwe, bondo linali litang'ambika kale. Kuyambira pamenepo ankangokhala pamphasa. Ana a m'mudzi anabwera kamodzi, n'kuona kuti palibe pogubuduka, osabweranso. Mwana wolongolola uja anangoti zii, chakudya n'kumachitosa ndi chala. Estele kangapo konse anadzipeza ataima m'mphepete mwa bwalo ndi beseni la madzi otsukira mbale, osadziwa poti awathire.

"Kapinga wanga abwera liti, amayi?"

"Mlendo akapita."

"Akumuthirira?"

"Bambo ako akumuthirira."

"Asamupondetse nsapato zolimba," anatero mwanayo, n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku la msonkhano misika ndi masitolo zinatsekedwa. Ayufi ankayenda khomo ndi khomo kutulutsa anthu, ndipo anafika ndi uthenga wochokera kwa a wapampando: olumala ndi opemphetsa asaoneke pabwalo la msonkhano, Joice amutsekere m'nyumba.

"Mwana wanga si mbuzi yotsekera m'khola," anatero Estele anyamatawo atadutsa. "Nyumba yaudzu, mphepo yotereyi, mudzi wonse kulibe munthu? Moto ukabuka akamutulutsa ndi mlendoyo?"

Anavala nsalu ya chipani monga amayi onse, n'kubereka mwanayo kumbuyo, timiyendo tikulendewera m'mbali. A Millie, amene pakamwa pawo sipankapuma, anamuyang'ana panjira n'kungomuthandiza kukweza mbereko osanena kanthu.

Pa Nkando panali anthu osaoneka mapeto, fumbi lili koboo. Pakati pa fumbilo, kuchokera kumsewu kukafika pansanja, panagona kapinga uja atazunguliridwa ndi chingwe, wonyowa, akunyezimira. Yosefe anali atalumikiza zigambazo mwaluso moti munthu akanalumbira kuti udzuwo unamera pomwepo chilengedwere dziko. Estele anachita kunyadira mwamuna wake, kunyadako kukumuwawa.

Amayi ovina ataitanidwa kuti afole, Estele anamutsitsa Joice kuseri kwa nsanja, pansi pa mtengo wa mango pamene Yosefe ankasunga mgolo wa madzi.

"Muyang'anireni, bambo a Joice. Asasunthe."

Koma ng'oma zitangoyamba, wina anakalipira Yosefe kuti akabise ndowa ndi kheni yothirira, mlendo asaone kuti udzuwo ngwothirira pamanja. Anachoka kanthawi kochepa chabe.

Galimoto zinatulukira zitandondozana. Amayi anakweza nyimbo, Estele ali pamzere wachiwiri akuvina ndi miyendo yokha, mtima uli kumango. Chitseko cha galimoto yakuda chinatsekulidwa, mlendo n'kutsika, munthu wonenepa bwino wa nsapato zowala. Akuluakulu anali atafola m'mphepete mwa kapinga kudikira kugwirana naye chanza, a Pilato ali pakati pawo, jekete itasitidwa. Apo m'pamene Estele anaona kamutu kakutulukira pansi pa chingwe.

Pafumbi Joice anadzikoka movutika, akudutsa pakati pa miyendo ya anthu. Koma manja ake atangokhudza kapinga, thupi lonse linakumbuka. Anathamanga chokwawa mpaka pakati penipeni, n'kudzigwetsa chagada, n'kugubuduka, akuseka kuseka kumene kwawo kunali kutasowa masiku onsewa. Bondo lomanga kansanza linali m'mwamba, pamaso pa mlendo ndi anthu onse.

Ng'oma imodzi inaphonya, inzake n'kusokonezeka, kenako zonse zinaleka. Nyimbo inafera m'kamwa mwa amayi. Mnyamata wa malaya ofiira analumpha chingwe ndodo ili m'mwamba.

"Mwana wa ndani ameneyu?" anabangula mkulu wa chipani wa ku boma, maso ali psuu. "Ndani wachita chipongwe chimenechi?"

Estele anatsekula pakamwa, koma a Millie anamugwira dzanja mwamphamvu n'kumutseka pakamwapo ndi nsalu. Kuseri kwa nsanja kunatulukira Yosefe akuthamanga, chipewa chili m'manja, ndipo Estele anaona kuti mwamuna wake akukoka mpweya kuti ayankhe. Anadziwa kuti akangoyankha, ndiye kuti wapita.

"Ndi wanga."

Mawuwo anachokera pamzere wa akuluakulu. A Pilato anali atatuluka pamzerewo, dzanja limene linkadikira chanza cha mlendo atalitambasulira kwa mnyamata wa ndodo.

"Tsitsa ndodoyo, iwe. Ndi mbumba yanga imeneyi. Wofunsa afunse ine."

Anayenda pa kapinga n'kugwada pafupi ndi mwanayo.

"Tiye, mayi wanga. Tiye kwa amayi ako."

"Kapinga uyu ndi wanga, amalume," anatero Joice mokweza, poti sankadziwa kunong'ona. "Mlendo wamuona kale. Tizipita naye kwathu."

Anali atazika zala zonse mu udzuwo. A Pilato atamunyamula, iye sanataye, ndipo chigamba chonse chinanyamuka naye, poti m'masiku ochepawo mizu inali isanagwire dothi louma la pamsika. Pansi panatsala dzenje la ngodya zinayi, fumbi lenileni la pa Nkando lili poyera. Zigamba zoyandikana nazo zinasuntha, mizere yolumikizira n'kuonekera, ndipo aliyense wa maso anaona kuti chitukuko chija chinali chosoka ngati chigamba cha pa kabudula. Kumbuyo kwenikweni kwa khamulo wina anaseka kamodzi, n'kudzitsamwitsa.

Mlendo anayang'ana dzenjelo, kenako anayang'ana mkulu wa ku boma. Mkulu wa ku boma anayang'ana a Pilato.

Mpata wokonza zinthu unalipobe. A Pilato akanatha kumasula zala za mwanayo, kubwezera chigambacho, kuchiponda ndi nsapato, n'kupepesa mogwada. Estele anaona dzanja la mlongo wake likupita pa zala zija. Linakhala pamenepo kanthawi. Kenako linatsetsereka n'kukagwira kunsi kwa chigambacho kuti dothi lisayoyoke.

Anatembenuka, mwana ndi udzu zili pachifuwa, matope akuyenderera pa malaya oyera, n'kuyenda osathamanga. Anthu anapatuka okha. Wina anakuwira oimba ng'oma, ndipo zinayambanso mwaphokoso kuposa kale, amayi n'kulumphira nyimbo pakati. Estele anazemba pamzere, a Millie n'kusendera kutseka mpata wake.

Anakumana pansi pa mango paja. A Pilato anapita molunjika kwa Yosefe.

"Alamu, landirani mwana wanu. Ichi mukabzale lero lomwe chisanaume. Chimodzi chomwechi chingayale bwalo?"

"Kapinga amayanga, alamu. Mvula ikagwa bwino, pang'onopang'ono."

"Chabwino. Mudzere njira ya kuminda, musadzere kumsewu."

"Achimwene, tiyeni tonse," anatero Estele atawagwira mkono wa jekete. "Kumalire si kutali. Abale a bambo a Joice akakusungani mpaka zitazizira."

"Ndikathawa ine, akafunsa ndani? Si abwera pakhomo pako?" Anayesa kusasa dothi pamalaya, koma linangofalikira, ndiye analeka. "Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, mlongo wanga. Ukawauze alamu ako ku Chonde kuti nkhokwe ija yatsala mbali imodzi, apeze womaliza mvula isanagwe."

Chapatali pang'ono panaima ayufi awiri. Sankafulumira, ankangodikira.

"Amalume," anaitana Joice ali m'manja mwa bambo ake, chigamba chake atachikumbatira, "otsalawo mubweretse mawa."

"Ndiyesa, mayi wanga."

Anamugwira patsaya ndi chala chamatope, n'kutembenuka.

Estele anakumbuka pemphero lake la panjira ya ku Chonde, ndipo akanakhala ndi njira yolimezera akanalimeza. Misozi inamutsika osaibisa. Anavula duku, n'kuliviika mumgolo, n'kufunditsa mizu ya chigamba chija.

"Tiyeni, mayi a Joice," anatero Yosefe motsitsa. "Dzuwa likuumitsa mizu."

Analowa njira ya kuminda. Atafika pamene nandolo ayambira, Estele anacheuka. Jekete ya mlongo wake inali pakati pa malaya ofiira awiri, ndipo sankalowera kunsanja. Ankalowera kuseri kwa sitolo, kumene kunaima galimoto yotseka kumbuyo, injini ikulira kale.